Phazi Ndilo Lisankha Nsapato

Tinali anthu asanu. Tonse tinabadwira ku Moçambique, ndipo tonse timalankhula Cinyanja. Atatu ndife a ku Angónia, mmodzi wa ku Lichinga, wina wa ku Metangula, m'mbali mwa nyanja. Nchito ndi maphunziro zinatisonkhanitsa mumzinda wa Porto, ku Portugal. M'mwezi wa Seputembala, caka ca 2023, tinayenda ulendo wapansi kucokera ku Porto kukafika ku Santiago de Compostela, m'dziko la Espanha. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 240. Tinatha masiku 13 panjira.

Tifuna kukusimbirani za mapazi athu ndi za katundu wathu. Kapena mudzaseka. Mudzati, kodi munthu wa ku Angónia angaphunzitsidwe kuyenda? Ifenso tinaganiza cimodzimodzi. Tinakula tikuyenda pansi: kumunda, kucigayo, kusukulu, kucipatala. Koma ulendo uwu unatsala pang'ono kutikanika. Cimene cinafuna kutibweza sicinali phiri kapena mvula ai. Inali nsapato.

Lonjezo la Malume

Mwini ulendo anali mkulu wathu, bambo wa zaka 62, mmisiri womanga nyumba. Tonse timawachula Malume. Caka cimeneco akazi ao anadwala kwambiri, nagonekedwa m'cipatala ku Tete. Malume anali kutali, ndipo analibe cocita. Usiku wina analonjeza kwa Mulungu kuti mai akacira, iwo adzayenda pansi kucokera pakhomo la chalichi cacikulu ca ku Porto mpaka ku manda a Yakobo Woyera. Mai anacira. Tsono lonjezo linasanduka ngongole.

Ife anai tinati sitingawaleke ayende okha. Panali Acemwali, amene ali namwino. Panali Amai, amene amagwira nchito yophika. Panalinso anyamata awiri a sukulu.

Yakobo ameneyu ndi mtumwi uja, mbale wake wa Yohane, amene anaphedwa ndi Herode ku Yerusalemu. Akhristu a kumeneko amakhulupirira kuti mtembo wake unatengedwa pa bwato, nukaikidwa ku Galicia, cigawo ca kumpoto cakumadzulo kwa Espanha. Manda ake anadziwika m'zaka za m'ma 800. Kuyambira pamenepo anthu akhala akupita kumeneko pansi, zaka zopitirira 1,000. Njira ziripo zambiri. Yathu imachedwa njira ya Apwitikizi.

Kusocera n'kobvuta. Pa miyala, pa makoma ndi pa mitengo pali mibvi yacikasu yoloza ku Santiago. Anayamba kujambula mibvi imeneyi ndi wansembe wina wa ku Galicia, dzina lake Elías Valiña, m'zaka za m'ma 1980. Wapaulendo ali yense amatenga kabuku kamene amadindamo zidindo kumene wagona ndi kumene wadya. Akafika ku Santiago amaonetsa kabukuko. Ngati wayenda pansi makilomita osacepera 100, amalandira cikalata colembedwa m'Cilatini, cimene amacicha Compostela. Caka cimene ife tinayenda, anthu opitirira 400,000 analandira cikalata cimeneci.

Mmene tinasankhira nsapato

Anyamata awiri aja analibe ndalama. Anabvala nsapato zao za tenesi zimene anali atayendera miyezi yambiri. Amai anabvala nsapato zofewa zimene amaima nazo tsiku lonse kukhichini. Acemwali anagula zatsopano, koma anazigula kutatsala miyezi iwiri, ndipo tsiku liri lonse ankapita nazo kunchito pansi.

Malume anacita zina. Kutatsala masiku awiri analowa m'sitolo m'mawa, nagula jombo zacikopa, zolimba, zofika m'mwamba mwa akakolo. Zinadya malipiro a masiku angapo. Zinali zokongola ndithu. Anaziyesa atakhala pa mpando, ndipo zinawakwana bwino lomwe, osatsala mpata.

Acemwali anati, "Malume, nsapato yatsopano siyendera ulendo wautali. Tengani zakale zija."

Malume anayankha, "Mwana wanga, ndikapita kukathokoza Mulungu ndipite ndi nsapato zong'ambika? Anthu adzati ciani?"

Tinakhala cete. Munthu wamkulu sumutsutsa kawiri.

Mmene tinalongedzera katundu

Pa katundu tinalakwa tonse. Ali yense anatenga cikwama cacikulu cakumsana, ndipo cikwama cacikulu cimaitana katundu. Wina anaika mabuluku atatu ndi jekete lolemera. Wina anaika mabuku awiri. Wina anatenga bulangete ndi ambulera. Malume anapinda suti yao yoti akabvale pa Misa ya ku Santiago. Amai anaika poto, mthiko ndi ufa makilo 3, nati, "Ine masiku onsewa wopanda nsima, ai."

Cinthu ciri conse tikacigwira m'manja cinali copepuka. Tinkati, kanthu aka n'kakang'ono, kalowe. Tinaiwala mau a makolo akuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Masiku oyamba

Tinanyamuka mbandakuca. Tsiku loyamba tinayenda makilomita opitirira 25. Njira ya ku Portugal siri ngati njira ya kumunda. Mbali yaikulu ndi tara ndi miyala yosema imene anaiyala ngati njerwa. Dothi limalandira phazi, koma mwala umalibweza. Pofika madzulo zidendene zathu zinali kuyaka moto.

Tinagona m'nyumba ya apaulendo, imene kumeneko amati albergue. Ndi cipinda cacikulu ca mabedi osanja. Umalipira ndalama zocepa, ndipo m'mawa uyenera kucoka. Nsapato zonse zimatsala pakhomo. Tinayang'ana pa thandala la nsapato, ndipo tinaona kuti jombo zolemera zinali zocepa. Anthu ambiri anali ndi nsapato zopepuka, zakuda ndi dothi, zooneka kuti zayenda.

Malume anabvula jombo zao kumdima. Sanatiuze kanthu.

Tsiku laciwiri tinafika ku Barcelos dzuwa litalowa. Mapewa anali atatupa. Mmodzi wa anyamata anali kuyenda cowerama ngati nkhalamba. M'nyumba imene tinagona munali sikelo. Tinayeza zikwama zathu. Copepuka cinali makilo 11. Ca Amai cinali makilo 15.

Mai wina wokalamba, amene anali atayenda njirayi kangapo, anatiyang'ana napukusa mutu. Anatiuza lamulo limene apaulendo ambiri amatsata: katundu asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lako. Munthu wa makilo 70 asenze makilo 7. Munthu wa makilo 60 asenze makilo 6. Anatikumbutsanso kuti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndipo madziwo sungawasiye.

Usiku umenewo tinakhuthula zonse pansi. Tinaika milu itatu. Mulu woyamba unali wa zinthu zimene tinagwiritsa nchito masiku awiriwo. Mulu waciwiri unali wa zinthu zosungira tsoka, monga mankhwala ndi cobvala ca mvula. Mulu wacitatu unali wa zinthu zimene tinatenga cifukwa ca mau akuti "kapena". Kapena kudzazizira. Kapena tidzasowa cakudya. Kapena tidzaitanidwa kwina. Mulu wacitatu ndiwo unali waukulu.

Amai anaphika nsima ya ufa wonse m'khichini ya apaulendo. Tinadya pamodzi ndi alendo a maiko ena, ndipo ena anaphunzira kudya ndi manja. M'mawa tinamanga mulu wacitatu m'katoni, poto ndi mthiko momwemo, ndi kutumiza ku Porto pa positi. Malume anakana kutumiza suti yao.

Cimene tinapeza ku Ponte de Lima

Kucokera ku Barcelos kukafika ku Ponte de Lima ndi makilomita opitirira 30. Tinaugawa pawiri. Dzikolo ndi lokongola. Mphesa zinali zitapsa, zikulendewera pa mathandala. M'minda munali cimanga, ndipo pa makomo panali nkhokwe zazitali zamiyala ndi matabwa, zoimikidwa pa nsanamira kuti makoswe asakwere. Tinakumbuka kwathu. Koma Malume sanali kuyang'ana minda. Anali kutsalira m'mbuyo. Anali kuponda ngati munthu woyenda pa minga.

Tsiku lacinai tinafika pa mlatho wakale wamiyala wa pa mtsinje wa Lima. Pamenepo Malume anakhala pansi, ndipo sanathe kudzukanso.

Acemwali anagwada nati, "Malume, pepani, bvulani tione."

Sokosi inali itamatirira ku khungu. Zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza akulu, ndipo lina linali litaphulika. Pansi pa zala panali matuza ena. Cikhadabo ca cala cacikulu cinali citayamba kuda. Anali atayenda masiku atatu ndi mapazi otere osanena.

Acemwali anatifotokozera mmene thuza limabwerera. Pafunika zinthu zitatu: kukhuzana, kutentha ndi cinyezi. Phazi likamakhuzana ndi nsapato pa malo amodzi, khungu lapamwamba limalekana ndi lapansi, ndipo pakati pamalowa madzi. Thukuta limafewetsa khungu, ndiye limalekana msanga. Anatiuzanso kuti phazi likayenda tsiku lonse limatupa. Nsapato imene ikukwana ndendende m'mawa imakhala yothina madzulo. Jombo za Malume zinali zouma, zosapindika, zosapita mphepo, ndiponso zopanda mpata. Zinthu zitatu zija zinakumana m'menemo.

Mnyamata wathu wophunzira masamu anatenga pensulo. Anati munthu wamkulu amaponda pansi pafupifupi ka 1,300 pa kilomita imodzi. Pa makilomita 240 amaponda kopitirira ka 300,000. Phazi liri lonse limanyamulidwa ka 150,000. Tinayeza jombo imodzi ya Malume: magalamu 800. Tinayeza tenesi imodzi: magalamu 300. Kusiyana kwake ndi theka la kilo. Theka la kilo si kanthu ukalinyamula kamodzi. Koma mwendo wa Malume unali kulinyamula ka 150,000.

Acemwali anatsuka mapaziwo ndi madzi ndi sopo. Matuza ang'onoang'ono anawasiya osaboola, nawaphimba. Lalikulu, limene linali kuwawa kwambiri, analiboola m'mphepete ndi singano yoyera, nafinya madzi, koma khungu lake sanalidule. Anati khungu limenelo ndilo denga la bala. Anapaka mankhwala namanga. Munthu wina m'nyumbamo anati tisokerere ulusi m'thuza ndi kuusiya usiku wonse, monga ena amacitira. Acemwali anakana. Anati ulusi ndi njira ya tizirombo. Anatinso bala likafiira mozungulira, likatentha, kapena likatuluka mafinya, ulendo uime ndipo munthu apite kucipatala. Munthu wa matenda a shuga asayese n'komwe kuboola yekha.

Mau a usiku

Usiku umenewo tinakambirana. Mmodzi wa ife anati, "Malume, kwerani basi mpaka ku Tui, pa malire. Kucokera kumeneko ndi makilomita opitirira 100. Mukapumula masiku awiri mudzayamba pamenepo, ndipo cikalata mudzalandirabe."

Malume anati, "Ine sindinalonjeze cikalata. Ndinalonjeza kuyenda kucokera ku Porto."

Anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anatiuza nkhani imene sanatiuzepo kale. M'caka ca 1986, nthawi ya nkhondo, iwo ndi akazi ao anathawa ku Angónia kupita ku Dedza, ku Malawi, pamodzi ndi anthu ambirimbiri. Anayenda usiku, m'mapiri, mwana ali kumbuyo. Anatenga poto mmodzi, bulangete limodzi ndi khasu. Kumapazi anabvala nkhwaira za tayala zimene anadula okha.

"Ulendo umenewo sindinatuluke thuza ngakhale limodzi," anatero Malume. "Nkhwairazo zinkalidziwa phazi langa. Ndinalumbira kuti ndikadzapeza ndalama sindidzabvalanso tayala. Ndiye onani lero. Ndagula nsapato ya maso a anthu, osati ya phazi langa."

Palibe anaseka. Tonse tinadziwa kuti nafenso tinalongedza zikwama zathu ndi mantha ndi manyazi omwewo.

Tinapumula tsiku lathunthu ku Ponte de Lima. Madzulo, mapazi atatupa, tinapita ndi Malume kusitolo. Anayesa nkhwaira za malamba atatu, zokhala ndi pansi pocindikala, zosiya cidendene pa mphepo. Anaziyesa atabvala masokosi, ataimirira, nayenda nazo uku ndi uku m'sitolomo. Mtengo wake sunafike theka la mtengo wa jombo. Jombo zija tinazitumiza ku Porto. Suti inapita nazo pamodzi. Katundu wotsala wa Malume tinagawana anaife.

Phiri la Labruja

Tsiku lacisanu ndi cimodzi ndilo tinali kuliopa. Pakati pa Ponte de Lima ndi Rubiães pali phiri la Labruja, lotalika mamita 400 kucokera pa nyanja yamcere. Ndilo citunda cacikulu pa njira yonseyi. Njira yake ndi ya miyala ndi mizu ya mitengo ya paini.

Tinasintha mayendedwe. Malume anatsogola, ndipo ife tinatsata liwiro lao. Anali ndi ndodo m'manja. Pakatha maola awiri tinkakhala pansi tonse, kubvula nsapato ndi masokosi, ndi kuyanika mapazi pa mphepo. Acemwali anaika lamulo: munthu akamva malo ena akutentha kuphazi, anene nthawi yomweyo, tiime, timate pulasitala thuza lisanabadwe. Wobisa ndiye wocedwetsa anzake.

Tisanene bodza, nkhwaira nazo ziri ndi mabvuto ake. Timiyala tinkalowa pansi pa phazi. Kamodzi Malume anapunthwa cala pa muzu. Potsika phiri anayenda cammbali, pang'onopang'ono. Koma mabala anali kupuma mphepo, ndipo sanakule. Tinafika pamwamba dzuwa liri pamutu. Malume anacotsa cipewa napemphera. Ife tinamwa madzi.

Potsika, mmodzi wa anyamata anadandaula kuti zala zikugunda kutsogolo kwa nsapato. Acemwali anamuonetsa kumanga zingwe zolimba pafupi ndi akakolo, kuti phazi lisatsetserekere kutsogolo. Anamuuzanso kuwenga zikhadabo. Zinthu zazing'ono zotere ndizo zimasunga phazi.

Mvula ya ku Galicia

Tsiku lacisanu ndi ciwiri tinadutsa mzinda wa malinga wa Valença. Tinaoloka mtsinje wa Minho pa mlatho wacitsulo umene unatsegulidwa m'caka ca 1886, ndi kulowa ku Tui, m'dziko la Espanha. Tinasuntha mawochi athu ola limodzi kutsogolo. Kuyambira pamenepo tinkadinditsa timabuku tathu kawiri pa tsiku, monga lamulo linkanenera.

Galicia ndi dziko la mvula. Inatipeza pakati pa Redondela ndi Pontevedra, m'nkhalango ya mabulugamu. Amene anatumiza ambulera ku Porto anayamba kudandaula. Koma ali yense anali ndi cobvala ca pulasitiki copepuka, cophimba munthu ndi cikwama comwe, ndipo manja anali omasuka. Katundu wam'kati tinali titamukulunga m'matumba a pulasitiki.

Nsapato zonse zinanyowa. Pamenepo tinaphunzira cina. Tenesi imanyowa msanga, komanso imauma msanga. Tinacotsa kansaru kam'kati, ndi kufwinyamo nyuzipepala zakale. Pofika m'mawa zinali zobvalika. Munthu wina m'nyumbamo anali ndi jombo zimene amati sizilowa madzi. Madzi analowera pamwamba, potsata mwendo, ndipo m'mawa zinali zikadali zonyowa. Nkhwaira za Malume zinauma tisanamalize kudya.

Masokosi anatiphunzitsanso. A thonje amamwa thukuta ndi kulisunga, ndipo amacedwa kuuma. A ubweya wa nkhosa ndi a ulusi wa kufakitale amauma msanga. Amai ankabvala masokosi awiri opyapyala phazi limodzi, kuti sokosi ikhuzane ndi inzake m'malo mwa khungu. M'mawa ankapaka vaselini pakati pa zala. Iwo okha ndiwo anafika opanda thuza.

Zimene zinatsala m'cikwama

Pofika masiku otsiriza cikwama ca ali yense cinali pakati pa makilo 6 ndi 7. Munali izi:

Malaya awiri osinthira, ndi buluku kapena siketi imodzi.
Zobvala zam'kati ziwiri, ndi masokosi mapeya atatu.
Juzi imodzi yopepuka, cipewa, ndi cobvala ca mvula.
Thumba logonamo lopyapyala.
Patapata zosambira ndi zopumuliramo madzulo.
Sopo mmodzi wosambira ndi kucapira, mswaci, ndi kathaulo kakang'ono.
Pulasitala, bandeji, vaselini ndi mankhwala a ali yense.
Botolo la madzi, ndi kamba wa tsiku limodzi: buledi, zipatso ndi mtedza.
Foni, pasipoti, ndalama ndi kabuku ka zidindo.

Tikafika madzulo nchito yoyamba inali kusamba, yaciwiri kucapa zimene tabvala. Zikapanda kuuma tinkazikoloweka pa cikwama ndi mapini, ziume tikuyenda. Zobvala ziwiri zimakwana munthu amene acapa tsiku liri lonse.

Cinthu cimene cinagwira nchito zambiri kuposa zonse cinali kapulana ya Amai. Inali nsaru yogonera, thaulo, mthunzi, mphasa yodyerapo, ndi cochinga posintha zobvala. Tsiku lina inamanga bondo la mnyamata. Alendo ena anafunsa kumene angagule cinthu cotere. Tinaona kuti katundu wabwino ndi amene agwira nchito zingapo.

Kufika

Tinagona ku Caldas de Reis, kumene kuli akasupe a madzi otentha. Tinagonanso ku Padrón, kumene amati bwato la mtembo wa Yakobo linakoceza. Tsiku la 13 masana tinalowa m'bwalo lalikulu la kutsogolo kwa chalichi ca Santiago. Munali anthu ambiri, ena akulira, ena atagona cagada pa miyala.

Malume anaima pakati pa bwalo. Anabvala malaya ocapidwa dzulo lake, nkhwaira ndi masokosi, zidendene zomata mapulasitala. Palibe anayang'ana mapazi ao. Anthu onse m'bwalomo anali ndi mapazi otero. Anatulutsa foni naimbira mai ku Angónia. Tinamva akuti, "Ndafika. Ngongole ija yatha." Ife tinapatuka pang'ono kuti alankhule okha.

Jombo zija ziripobe. Malume anazifewetsa pang'onopang'ono, ndipo amabvala ku nchito yomanga, kumene kuli misomali ndi njerwa zogwa. Kumeneko ndi nsapato zabwino kwambiri. Sizinali zoipa ai. Zinali za nchito ina.

Kwa inu anzathu

Ambiri a ife sitidzapita ku Santiago. Koma maulendo apansi alipo kwathu komwe. Alipo amene amayenda kucokera ku Maputo kupita ku Namaacha m'mwezi wa Meyi kukapemphera. Alipo amene amayenda tsiku lonse kupita kumsika, kumaliro kapena kucipatala. Phazi ndi limodzimodzi kuli konse.

Tsono tikuti: musayambe ulendo wautali ndi nsapato yatsopano. Iyendereni masabata angapo, mutasenza katundu amene mudzasenze. Pogula, pitani madzulo, mubvale masokosi, muimirire, ndipo kutsogolo kwa zala kutsale mpata wokwana cala cacikulu ca kudzanja. Yang'anani njira imene mudzayende, kenaka musankhe nsapato. Musafunse mtengo poyamba, ndipo musafunse kuti anthu adzati ciani. Funsani phazi.

Pa katundu, yalani zonse pa mphasa musanamange. Ciri conse cimene mwatenga cifukwa ca "kapena", cibwezeni m'nyumba. Senzani mtolowo, muyende nao ola lathunthu. Ukakulemerani pa ola loyamba, dziwani kuti pa tsiku lakhumi udzakugwetsani.

Ndipo phazi likayamba kuwawa, nenani. Malume anabisa masiku atatu cifukwa ca manyazi. Akananena tsiku loyamba, pulasitala mmodzi akanakwana.

Tikambirane

1. Cifukwa ciani Malume anagula jombo zatsopano?
2. Chulani zinthu zitatu zimene zimabweretsa matuza.
3. Munthu wolemera makilo 80 ayenera kusenza makilo angati?
4. Kodi ulendo wautali umene munayendapo pansi ndi uti? Munatenga ciani, ndipo n'ciani cimene mukanasiya?